Mapapo a Arvo

Lorraine Pelkonen anapuma pa ntchito Lachisanu lina mu November, atatha zaka makumi atatu ndi zisanu akufufuza khansa ya m'mapapo ku Toronto. Anzake anamukonzera kaphwando ka khofi ndi keke. Mkulu wa dipatimenti anaimirira n'kunena kuti mayiyu analemba mapepala a kafukufuku oposa mazana atatu, ndipo limodzi mwa iwo madokotala a m'mayiko ambiri analitchula kambirimbiri m'zolemba zawo. Pepalalo linasonyeza kuti odwala amene chotupa chawo chili ndi chizindikiro china chake akamamwa mapiritsi awiri pamodzi amakhala zaka, pamene kale ankangotha miyezi. Anthu anawomba m'manja. Pomakwana folo koloko aliyense anali atabwerera ku ntchito yake, Lorraine n'kutsika yekha atanyamula katoni ya mabuku.

Kunyumba kunali zii. Mwamuna wake anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala ku Vancouver, n'kumaimba foni Lamlungu lokha. Lorraine ankadzukabe m'mamawa, kuvala bwinobwino, kenako n'kukhala patebulo osadziwa kolowera.

Patapita milungu itatu, foni inalira akutsuka kapu. Anali Arvo, mlongo wake wamkulu, amene anakumba mgodi ku Sudbury mpaka kukalamba. Anali asanaonane zaka zinayi.

"Apulofesa, mukadali moyo?"

"Achimwene? Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Andipeza ndi kanthu m'mapapomu. Dokotala wake atangoona dzina langa anafunsa ngati ndili pachibale ndi iwe. Ndinati eya, tsoka ilo."

Tsiku lomwelo Lorraine anayendetsa galimoto maola anayi kulowera kumpoto, chipale chofewa chikugwa. Anamupeza Arvo m'nyumba imene anakuliramo, ataonda, lamba atabowola mabowo awiri atsopano. Sanakumbatirane. Arvo anangomulozera pokoleka chikhoti.

M'mawa mwake anapita limodzi kuchipatala. Dokotalayo, Solange Beaudoin, anagwira dzanja la Lorraine ndi manja awiri, n'kunena kuti pepala lake lija analiwerenga ali pasukulu mpaka kuliloweza. Kenako anatembenuza kompyuta kuti aone zotsatira. Lorraine sanafunike womufotokozera. Chotupa chinali chitafika kale kuchiwindi ndi m'mafupa, ndipo chizindikiro chija panalibe.

Pobwerera anaima pakalesitilanti n'kuitanitsa supu wa nsawawa. Arvo anatakasa wake osamwa.

"Ndiye mapiritsi ako otchuka aja, ndiyamba liti?"

"Sangakuthandizeni, achimwene. Amagwira kwa anthu ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi oti sanasutepo fodya."

Arvo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Atapezako mpweya anati, "Zaka zonsezi unkapangira mankhwala anthu osalakwa! Nanga ife a fodya ndi fumbi?"

Lorraine anangoyang'ana m'mbale.

"Chabwino. Usandinyengerere ngati mwana. Ndatsala ndi nthawi yotani?"

"Miyezi isanu. Mwina isanu ndi umodzi."

"Adadi unawauzanso chimodzimodzi. Koma iwo unawauzira pa foni."

Zinali zoona. Bambo awo, a Eino, amenenso anali wa mumgodi, anamwalira ndi matenda omwewa. Arvo ndi amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, pamene Lorraine anali ku Vienna akufotokozera madokotala zimene anapeza. Anafika maliro ataikidwa kale. Nkhaniyi sanaikambepo chikhalire.

"Ulendo uno ndikhala," anatero Lorraine.

"Khala ngati ukufuna. Koma kuwaza nkhuni sudziwa."

Anakhaladi. Nyengo yozizira yonseyo anaphunzira zimene sizinali m'mapepala ake: kumutembenuza munthu osamupweteka msana, kumasula paipi ya mpweya ikakola pampando, kupota mbatata kuti zimezeke. Nkhuni ankawaza mokhotakhota, Arvo akumuseka pawindo. Loweruka ankakoleza moto m'kanyumba kosambiramo nthunzi yotentha kuseri kwa nyumba, ndipo ngakhale Arvo sankathanso kulowamo, ankakhala pakhomo atafunda bulangete kuti amveko fungo la matabwa otentha. Anzake a Lorraine a ku Toronto anamulembera kawiri katatu, kenako anasiya.

Tsiku lina mu February, akudikira kuchipatala, iye ndi Arvo anakhala pafupi ndi mayi wina wolongolola, dzina lake Gaétane, amene ankayendetsa basi ya sukulu. Mayiyo anawauza kuti anamupeza ndi khansa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, koma akumwa mapiritsi awiri m'mawa uliwonse, ndipo waona zidzukulu zitatu zikubadwa.

Arvo anamugunda Lorraine ndi chigongono. Lorraine anapukusa mutu. Pa anthu onse amene anawalemba ngati manambala, anali asanakhalepo moyandikana ndi mmodzi chonchi.

"Mayi," anatero Arvo mokweza, "amene anatulukira kuti mapiritsiwo aziyendera limodzi ndi uyu apayu. Mlongo wanga."

Gaétane anamuyang'ana Lorraine kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zamatope.

"Inuyo? Ambuye! Ndiye tamverani, amandiyabwitsa khungu zoopsa. Taonani mkonowu. Simungakonzeko pamenepo?"

Anapinda malaya, ndipo Lorraine anagwira mkonowo n'kuuyang'anitsitsa. Anamuuza mafuta oti akafunse kwa dokotala wake. Mayiyo ataitanidwa anamupsompsona patsaya n'kulowa.

M'galimoto Arvo anati, "Waona? Ntchito yako siinathe. Anthu akudzikanda."

Lorraine anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira, moti anaimika galimoto pambali pa msewu. Arvo anangoika dzanja lake lopepuka paphewa pake mpaka anatonthola.

Arvo anamwalira mu April, masana, madzi oundana a m'nyanja atayamba kusweka. Lorraine anali pambali pake akumunyowetsa milomo ndi thonje. Kumaliro kunabwera nkhalamba zisanu ndi zinayi za mumgodi, zina zikukoka timabotolo ta mpweya. Za mapepala ake sizinkadziwa. Zinkangoti, "Ndiwe mwana wa Eino, uja unapita ku Toronto eti?" Mwana wa Lorraine anabwera kuchokera ku Vancouver, anagona masiku awiri, n'kumuchonderera kuti asatsale yekha m'nyumbamo. Lorraine anati atsala pang'ono kuti alongedze katundu.

Sanalongedze. Anabweza makina a mpweya kuchipatala, zovala anapereka kutchalitchi, zina zonse anazisiya mmene zinalili. Chakumapeto kwa May, bambo woyandikana naye nyumba anamuitana pampanda n'kufunsa ngati chaka chino abzala mbatata m'dimba la Arvo, chifukwa nthawi inali kutha. Lorraine anayankha kuti sakudziwa ngati akhalitsa.

Mawa lake anapeza fosholo m'shedi n'kuyamba kutembenuza nthaka. Inali yolimba, yodzaza miyala, ndipo pofika masana anali atangomaliza mzere umodzi, manja atachita matuza. Analowa m'nyumba, anatenthetsa supu wadzulo, n'kudya ataimirira pawindo la kukhitchini.