Nsapato Zofiira Pazenera la Che Jaffalie

Mwera unali ukuomba chiyambire m'bandakucha, ndipo pofika cha m'ma teni koloko fumbi linali litayamba kale kudetsa galasi. Ndinaima panja pa sitolo ya Che Jaffalie, manja kumbuyo, kudikira kuti aone ntchito yanga.

Munali mu 1989. Ndinali nditangochokera ku koleji ku Blantyre, kumene ndinaphunzira luso loyala katundu kuti akope ogula, luso limene eni masitolo a ku Mangochi ankangoliseka. Che Jaffalie okha ndiwo anandilola kuyesa: zenera lawo likakoka ogula Idi isanafike, andilemba ntchito, likalephera, ndibwerere kukalima kwathu.

Ndinachotsamo zonse, mapoto, zitenje, nyali ndi mabulangete. Pansi ndinathira mchenga wa kunyanja ku Nkopola, ndipo pamchengapo ndinaika nsapato za mwana, zofiira, ina patsogolo pa inzake ngati mwiniwake akuyenda. Aphunzitsi athu ankati diso limafuna popumira.

"Achimwene," anatero Che Jaffalie akusisita ndevu, "akuba alowa liti muno?"

"Ayi bambo, ndi mmene amachitira m'masitolo akuluakulu."

"Ndiye akuluakuluwo amagulitsa mchenga?" Anaseka, koma sanandiletse.

Dzuwa litafika paliwombo, anthu anayamba kuima pazenerapo. Anali amayi othawa nkhondo ku Mozambique, amene ankatsika kuchokera ku Katuli kudzagulitsa nkhuni. Mmodzi anatula mtolo wake, nayandikira mpaka chipumi chinakhudza galasi.

"Nsapatozi mwazitola kuti?" anandifunsa.

"N'zatsopano, mayi. N'zogulitsa."

"Nanga mwanayo ali kuti?"

Mnzake anamukoka dzanja.

"Tiyeni Estela, si zija ayi." Kenako anatembenukira kwa ine, natsitsa mawu. "Mwana wake anamusowa powoloka mtsinje, tikuthawa ku Mandimba. Tinangopeza nsapato pamchenga. Inu, mungaike bwanji nsapato zopanda mwini?"

Estela anakhala pansi pakhondepo. Sanalire. Anangoti maso tong'o pagalasi, nkhuni zake zili mbwee pambali pake. Anthu anaunjikana, ena akunong'onezana m'Chiyao, ena akupukusa mitu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene analowa m'sitolo.

Che Jaffalie anatuluka, namvetsera zonse mosadula mawu. Atatero analowanso, natenga bulangete lotuwa, nalipachika m'kati mwa galasi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mayiyo sanasunthe, anapitiriza kuyang'ana bulangetelo.

Ndinawatsatira mpaka pakhomo, pomwe ankakhoma loko.

"Bambo, ndikhoza kuyala zina. Mawa ndifike nthawi yanji?"

Anandiyang'ana kwa nthawi, nayang'ananso mayi uja. Kenako anakonza kofia yawo, naponya makiyi m'thumba la mkanjo, nalowera njira ya kumzikiti.