Insulini Pambali pa Injini

Nkhaniyi anandiuza ndi dalaivala wa basi wina wadazi, tsiku lomwe tayala linatiphulikira panjira ife n'kukhala pansi pa mtengo kudikira lina. Anati mwini nkhaniyo anali mnzake.

Munthuyo ankamutchula kuti aChikwama, chifukwa chikwama sichinkachoka paphewa pake. Mkazi wake anali namwino, ndipo awiriwa anali ndi kachipatala kawo ka zipinda zitatu kumapeto kwa msewu wafumbi. Mkazi ankaona odwala. AChikwama ankakwera basi mwezi ndi mwezi kupita mumzinda kukagula magolovesi, mabandeji, masirinji ndi mankhwala. Ntchitoyi ankainyadira kwambiri.

Kuchipinda cha kuseri kunkakhala apongozi awo, mayi ake a namwinoyo, amene ankadwala matenda a shuga. Ankabayidwa insulini tsiku lililonse osaphonya. Koma chilimwe chimenecho anayamba kufooka. Ludzu silinkawatha, maso ankachita chidima, ndipo mbatata za miyendo zinaphwa. Mwana wawo akawayeza, shuga anali pamwamba. Akaonjezera mankhwala, shuga anali pomwepo.

"Kapena mukudya zotsekemera mobisa, amayi?" anafunsa aChikwama, akuwakonzera pilo.

"Ndibe ndi miyendo iti, mkamwini?" anayankha gogoyo akuseka mofooka. "Wakuba m'nyumba muno ndiwe. Unandibera mwana masanasana."

AChikwama anaseka nawo, koma atatuluka panja anapukuta m'maso. Mayi awo owabereka anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo gogoyu ndi amene anawaphunzitsa kuitananso munthu kuti amayi.

Tsidya la msewu kunali kachipatala kena ka namwino wachikulire, amene ana ankamutcha Mayi Jakisoni. Mabanja awiriwa ankangopatsana moni wa pakamwa, pakuti ankalimbirana odwala. Tsiku lina masana, Mayi Jakisoni anawoloka msewu atanyamula kabokosi koyera.

"Odi kuno! Musaope, sindinabwere kudzawerenga odwala anu," anatero. "Ndamva kuti amayi sali bwino."

Anakhala pampando pafupi ndi bedi, nagwira dzanja la gogoyo nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa namwino mnzake.

"Achemwali, ndinene mosabisa. Odwala shuga anu awiri anabwera kwanga. Nditawapatsa insulini wanga, mtundu womwewo, mlingo womwewo, shuga anatsika. Filiji yanu ikugwira bwino?"

"Ikugwira. Ndimaiona m'mawa uliwonse."

"Nanga panjira mankhwalawa amayenda bwanji?"

Apa aChikwama anawongola khosi. "Zimenezo musade nazo nkhawa, mayi. Ndimawaika m'bokosi la madzi oundana. Poyamba ndinkaliika pamwamba pa basi, koma akuba anandilanda katoni ya magolovesi. Ndiye chaka chino ndinapangana ndi dalaivala, mnzanga. Bokosi limakhala kutsogolo, pa chivundikiro cha injini, pambali pake penipeni. Palibe angalikhudze. Ndikafika ndimathira madzi aja kunja, mankhwala n'kulowetsa m'filiji."

"Madzi aja amakhala ozizira?" anafunsa mkazi wawo pang'onopang'ono.

 AChikwama anakumbukira kuti madziwo ankakhala ofunda ngati osambitsira khanda.

"Insulini akatenthedwa amatha mphamvu, bambo," anatero Mayi Jakisoni mofatsa. "Nthawi zina maonekedwe sasintha n'komwe. Ukamubweza m'filiji amazizira, koma mphamvu sibwerera."

AChikwama anagwada pambali pa bedi. "Amayi, ndiye kuti ndine ndakhala ndikukuphani."

Gogoyo anaika dzanja pamutu pawo. "Dzuka iwe, ungathyole maondo. Wakupha munthu sayenda ulendo wonsewo kukamugulira mankhwala. Unawasunga kwa akuba, dzuwa la m'basi ndi lomwe sunalione."

Mayi Jakisoni anatsegula kabokosi kawo natulutsa botolo lozizira. "Yambani ndi ili. Koma bwererani pa mlingo wakale, achemwali, uyu ndi wamphamvu zake zonse. Ndipo odwala ena onse amene munawapatsa wakaleyo, muwaitane lero."

Atamubaya gogoyo, anakhala pakhonde atatuwo. AChikwama anafunsa mwamanyazi kuti, "Nanga inu mumagula kuti? Sindinakuonenipo m'basi."

"Ndinasiya kalekale. Ife a zipatala zing'onozing'ono tinapanga gulu. Aliyense amanena zimene akufuna mwezi umenewo, ndipo pali kampani imene imaphatikiza zonsezo n'kukatigulira kwa opanga mankhwala ovomerezeka. Poti tikugula zambiri pamodzi, mtengo umatsika. Sukakamizikanso kugula katoni yathunthu pamene ukufuna mabotolo ochepa, ena n'kumakuonongekera pashelefu. Zofunika kuzizira zimabwera pa galimoto ya filiji, mpaka pakhomo."

"Ndiye kuti inu muzidziwa zonse zimene tikugula?"

"Ndikadziwa kuti mwagula mabandeji, ndilemera nazo?" Mayi Jakisoni anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Bambo inu, odwala m'dera lino ndi ambiri kuposa manja athu. Kali kokha n'kanyama."

AChikwama anayang'ana chikwama chawo chimene chinali pansi. "Nanga ine ntchito yanga idzakhala chiyani?"

"Yaikulu kuposa kugona m'basi. Kampani si mngelo ayi. Musanalowe, muone chiphaso chake cha boma, muwerenge mgwirizano wonse, mufunse kuti iwo amadyapo zingati. Katundu akafika, pamafunika munthu wamaso: aone kachipangizo kosonyeza kuzizira, aone masiku othera ntchito, aone ngati katoni sinatsegulidwe. Chikalakwika, mumabweza pomwepo, ndipo gulu lonse limakuimirani kumbuyo. Munthu mmodzi akadandaula amamunyalanyaza, koma gulu amaliopa."

Mkazi wawo anawagwira mkono. "Bambo a kunyumba, tiyeni tikamve."

Anapita ku msonkhano wa gululo, ndipo aChikwama anafunsa mafunso mpaka mlembi anapempha madzi akumwa. Analowa m'gululo. Galimoto yoyamba itafika, aChikwama anakwera okha kumbuyo, naika dzanja m'filiji, naona kachipangizo, nazunguza botolo lililonse pamaso pawo. Katoni imodzi ya masirinji inali yonyowa pakona. Anaibweza, ndipo ina inabwera sabata yomweyo.

Mvula isanagwe, gogo uja anali atayamba kutuluka yekha. Ankakhala pakhonde kulandira odwala ndi kuwafunsa za ana awo, ndipo masana ena ankawoloka msewu ndi ndodo yake kukacheza kwa Mayi Jakisoni.

Phunziro lake ndi ili. Mankhwala abwino amatha kuonongeka panjira, ngakhale m'manja mwa munthu wokukonda. Zipatala zazing'ono zikagula pamodzi kudzera ku kampani yovomerezeka, mtengo umatsika ndipo mankhwala amafika ali ndi mphamvu. Koma wolandira asagone: aone kuzizira, aone masiku, abweze chokayikitsa. Ndipo inu odwala, mankhwala akaleka kugwira ntchito, musangoonjezera mlingo nokha. Kauzeni achipatala.

Dalaivala uja anamaliza ndi kulumbira kuti chiyambire galimoto ya kampaniyo sinachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Za gogoyo ndikuzikhulupirira, za insulini ndinafunsa kwa anamwino ena ndipo anavomera. Koma ine misewu ndaiyenda, matope ndawaona akumeza malole. Zoti pali galimoto yosachedwa, pamenepo ndikukayika.