Mtsuko wa Thobwa wa Mayi Armanda

Mungazungulire Beira, Nampula mpaka ku Joni komwe, simudzamwa thobwa longa la Mayi Armanda a pa Malire a Milange. Akabaza ankawoloka kuchokera ku Muloza kudzangomwa chikho chimodzi. Thobwalo linkagonera mu mtsuko wakuda bii, umene malemu amayi awo adausenza pamutu pobwerera kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo.

Ndiye kunabwera foni. Inácio, mwana wa mchimwene wawo, mnyamata wophunzira za sayansi ku Maputo, anati akubwera kudzaona mtsukowo.

Mayi Armanda anauyang'ana, manyazi n'kuwagwira. Dotolo wathunthu aone zokangamira zimenezi? Anaukwecha ndi mchenga, nauthira madzi owira, sopo, jiki pamwamba. Chipande chakale chong'aluka, chimene ankavundulira, anachiponya kuseri kwa nkhokwe.

Inácio atafika anasuzumira mumtsuko, n'kukhala pansi osapatsidwa mpando.

"Azakhali, mwauchita chiyani?"

"Ndautsuka, bambo. Ukanafuna ndikulandire ndi litsiro?"

"Litsirolo ndi limene ndinadzera! M'timing'alu ta dothili munkakhala tamoyo tosaoneka ndi maso. Ndi timene timasasitsa thobwa lanu. Ndimafuna ndiwerenge DNA yake, chizindikiro cha mtundu wa chamoyo chilichonse, ndidziwe kuti m'mudzi umenewu mumakhala ndani ndi ndani."

"Mudzi? Mumtsuko mwanga?"

"Mudzi waukulu kuposa Milange."

Anaseka Mayi Armanda. Koma m'mawa mwake kuseka kunatha. Thobwa linatuluka lozizira mkamwa ngati phala la wodwala. Olímpio wakabaza, kasitomala wawo wakalekale, analawa n'kubweza chikho.

"Mayi, lero mwatiphikira la kuchipatala?"

Tsiku lotsatira njinga zonse zinakaima kwa mayi wina wogulitsa maheu a m'botolo. Mayi Armanda anakhala pamthunzi ndi mtsuko wodzaza, mtima uli kwa amayi awo. Chinthu chopulumuka nkhondo, chaphedwa ndi sopo!

"Palibe chilichonse chimene simunatsuke?" anafunsa Inácio.

Iwo anayang'ana kumbali. "Chilipo. Koma n'chonyansa, mwanangu."

Anakachitola chipande chija, nyerere zili yakaliyakali. Inácio anachilandira ndi manja awiri ngati mphatso ya ukwati. Anapaka kathonje m'mng'alu mwake, n'kukatsekera m'kabotolo koziziritsa.

"Zotsatira za ku labotale zidzatenga mwezi. Sindikulonjeza kuti onse alimo."

"Mwezi? Ine ndili ndi labotale yanga ya njinga: malilime a akabaza."

Anaphika phala, nathira chimera, navundula ndi chipande chong'alukacho, n'kuchisiya mumtsukomo kuti chigonere. Ulendo woyamba thobwalo linangoyesako. Anasiyako pang'ono pansi pa mtsuko, nathirapo phala latsopano.

Pa ulendo wachitatu anamukodola Olímpio. Iye analawa monyinyirika, kenako anapukuta ndevu.

"Silinafike penipeni, Mayi. Koma likubwera. Thiraninso."

Mayi Armanda anamuthirira mpaka kutayikira.