Powathasha, Nyimbo ya ku Joni

Pa Mitundu aliyense ankaidziwa sitolo ya a Abdulla, ija yoyang'anizana ndi chigayo, yogulitsa sopo, shuga, mafuta ophikira ndi machubu a njinga. Koma si onse amene ankadziwa chimene chinkalira m'makutu mwa mwana wawo wamkazi, Shamimu, amene ankakhala pakona ya sitoloyo ndi kompyuta yake, n'kumathirira anthu nyimbo m'mamemori a foni. Timahedifoni take tinkabisala mkati mwa mpango wakumutu. Amayi ena akamuona akugwedeza mutu maso ali tsinzini, ankanong'onezana kuti mwana wa a Abdulla ndi wopemphera kwabasi, ulaliki sumuchoka m'khutu.

Sunali ulaliki ayi. Zinali nyimbo zovina zopangidwa pa kompyuta, zija za ng'oma yosapuma ndi gitala wa besi wonjenjemeretsa chiwindi. Anazidziwira ku tawuni pamene ankaphunzira za makompyuta, ndipo pobwerera kwawo anabwera nazo ngati matenda. Chimene ankachikonda koposa ndi mikisi, pamene munthu amatenga nyimbo ziwiri zosadziwana, ina yakalekale ina yadzana, n'kuzikwatitsa mpaka zigwirizane. Masana kukakhala zii m'sitolo, iyenso ankapanga zake.

Vuto la Shamimu linali lakuti chinthu akachikonda sankatha kukhala nacho chete. Munthu abwere kudzafuna nyimbo za kwaya, iye ankayamba.

"Mayi, za kwaya ndathira. Koma tamverani kaye kakang'ono aka. Atenga gitala wakale uja, n'kumuyala pamwamba pa ng'oma zamakono. Mukamasinja mtondo muziona ntchito kupepuka."

Mayiwo ankaika kahedifoni kukhutu mwaulemu, n'kudikira. Ankadikirabe.

"Nanga ayamba liti kuimba?"

"Saimba, mayi. Imangoyenda choncho."

"Ndiye kuti yawonongeka imeneyo, mwanawe. Usandithirire, ingadwalitse zinzake."

Zaka zitatu zinatha choncho. Alimi a fodya ankafuna nyimbo zodandaula, achinyamata ankafuna zimene zikumveka pa wailesi, ndipo aliyense ankamuthokoza Shamimu chifukwa cha malangizo ake, kenako n'kumupempha kuti awachotsere.

Amene anamupweteka mtima kwenikweni ndi George wa ku Nathenje. George anali ndi masipika anayi akuluakulu ndi jenereta, ndipo ukwati kapena chinkhoswe chilichonse kuyambira pa Nathenje kukafika ku Diamphwe chinkadalira iye. Ankavala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Anakhalako ku Joni miyezi isanu, koma miyezi imeneyo inkaswana chaka ndi chaka, moti pofika nthawi ya nkhani ino inali itakwana zaka zinayi. Tsiku lina lamsika anabwera kudzatenga nyimbo zatsopano, ndipo Shamimu analimba mtima n'kumumvetsera mikisi imene anaikonza kwa milungu iwiri.

George anamvetsera pang'ono, chala chikugogoda pakauntala.

"Wapanga ndani imeneyi, achemwali?"

"Ndapanga ndekha."

Chala chinasiya kugogoda.

"Eya, zikumveka. Musakhumudwe, komatu izi zimafuna munthu woti anayendako. Kuno kulibe khutu lake, kulibenso dzanja lake. Inu zithirani za eniake, zimenezo ndiye mumatha."

Shamimu anamuthirira za eniakezo.

Mwezi wa Okutobala, kukutentha moti malata ankachita kulira okha, Shamimu anakhala akumvetsera chigayo cha kutsidya kwa msewu. Lamba wake anali atakalamba, ndipo akazungulira ankamenya kawiri n'kupuma, kawiri n'kupuma. Anaima pakhomo n'kuyamba kujambula phokosolo pa foni. Ali mkati mojambula, bambo ake, amene ankasanthula makatoni kuseri, anakonza kukhosi monga mwa chizolowezi chawo, kenako anafuula:

"Hmm-hm! Sopo watha, Shamimu!"

Poyamba anafuna kufufuta n'kuyambiranso. Koma atamvetsera, anapeza kuti mawu a bambo ake agwera ndendende pamene lamba uja amapumira. Anadula mutu ndi mchira wa mawuwo, n'kutsala ndi "po watha Sha". Anawanenepetsa kuti amveke ngati a chimunthu chachikulu, nawabwerezabwereza. Kukonza kukhosi kuja anakuika pamene ng'oma zonse zimaima kaye zisanagwenso ndi mphamvu. Pansi pake anayala chigayo, pamwamba gitala wodumphadumpha. Atamaliza anadziwa yekha kuti chinthu chotere sanapangepo.

Pofika polemba dzina, anakumbukira chala cha George. Analemba kuti "Ya ku Joni 7". Yoyamba mpaka yachisanu ndi chimodzi kunalibe, koma anaona kuti nambala imapatsa chinthu ulemu.

Woyamba kuitenga anali Yakobe, wakabaza wa njinga yamoto, amene anamangirira kasipika pa handulo ndi mphira wa chubu. Ulendo uno Shamimu sanalalikire.

"Pali ina yangofika kumene kuchokera ku Joni," anatero maso ali pa kompyuta. "Koma kaya, mwina ikukulirani."

"Indikulire ine? Thirani!"

Sabata isanathe akabaza onse a pa Mitundu anali nayo. Inadutsa m'midzi pa mahandulo a njinga, kulumpha kuchoka pa foni ina kupita pa ina, kukafika ku Malingunde uko. Anthu anaipatsa okha dzina lakuti Powathasha. Ena ankabwera kusitolo kudzafuna nambala sikisi ndi nambala faifi, ndipo wina analumbira kuti nambala folo anaimvapo ku Likuni, yoposa zonse. Mayi aja a kwaya anabweranso.

"Ija ya ku Joni muli nayo? Ana akundisowetsa mtendere. Zoterezi ndiye muzitiuza, osati zija munkatikakamiza."

Kumayambiriro kwa Novembala, Jenipher, mnzake wa Shamimu wa ku sekondale, ankakwatiwa ku Nathenje. A Abdulla ankadziwana ndi bambo a mkwatibwi kuyambira kale pa malonda a mtedza, choncho ananyamuka onse awiri pa kagalimoto kawo konyamulira katundu. Madyerero anali masana, pabwalo lamithunzi ya mitengo ya mango. A Abdulla anapatsidwa mpando kutsogolo pamodzi ndi akuluakulu ena, anakhala bwinobwino, chipewa chawo choyera chili pamutu, botolo la zoziziritsa kukhosi lili m'manja. Nyimbo sankazitsata, ndipo m'sitolo mwawo munkalira wailesi ya nkhani basi.

George anali kuseri kwa masipika ake. Itakwana nthawi yoti akwati alowe, anagwira maikolofoni.

"Amayi ndi abambo, iyi si ya masewera. Yachokera kutali, yawoloka malire atatu. Amene ali ndi vuto la msana akhale pansi!"

Chigayo cha pa Mitundu chinayamba kugunda m'masipika anayi. Shamimu anali asanaimvepo nyimbo yake pa masipika akuluakulu chonchi, ndipo sankadziwa kuti besi ija ingathe kugwedeza mbale patebulo. Operekeza akwati analowa akuponda mofanana, fumbi kobo. Amayi a mvano amene anakhala mwaulemu m'mawa wonse anadzuka n'kumanga zitenje m'chiuno. Mkulu wina wa mpingo anayamba ndi phazi limodzi, kenako anapatsira mnzake jekete. Bwalo lonse linkayankha pamodzi: "Powathasha! Powathasha!" Ng'oma zikaima, onse ankaima nazo, n'kukonza kukhosi limodzi ndi chimunthu cha m'nyimbomo, "Hmm-hm!", kenako n'kugweranso m'gule.

Shamimu anasuzumira kumene kunali bambo ake. Botolo lija linali litaima panjira, pakati pa bondo ndi pakamwa. Ankayang'ana sipika ngati munthu amene wakumana ndi mbuzi yake pamsika wa eni.

Nyimbo itabwerezedwa kachitatu, George anasiya ina ikulira n'kubwera pamene panali Shamimu, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, mwaona? Izi ndi zimene ndinkakuuzani tsiku lija. Imvani mmene ayalira ng'omazo. Makina amene apangira phokoso lapansilo kuno simungawapeze."

"Alipo, achimwene. Ali pa Mitundu."

George anaseka. "Mnyamata amene anapanga imeneyi ndikumudziwa. Tinkakhala mdadada umodzi. Wamfupi, wandevu. Mawuwo ndi Chizulu chakuya, cha kumudzi kwenikweni. Powathasha, ndiye kuti sendera kuno wokondedwa wanga."

"Ndiye kuti sopo watha."

"Mwati bwanji?"

"Sopo watha, Shamimu. Ndi bambo anga awo akhala apowo. Phokoso lapansilo ndi chigayo cha kutsidya kwa sitolo yathu. Ndinapanga ndine, mwezi wathawu."

George anavula magalasi, chinthu chimene anthu a ku Nathenje anali asanachionepo. Anamuyang'ana Shamimu, n'kuyang'ana a Abdulla, kenako anawavalanso.

"Nthabwala mumazitha, achemwali. Koma musamatero pagulu, eniake akamva amatengera anthu kukhoti." Anabwerera ku masipika ake akupukusa mutu.

Pobwerera, dzuwa likadali pamwamba, a Abdulla anayendetsa galimoto mpaka anadutsa midzi iwiri. Shamimu ankangoyang'ana minda yolimidwa kale yodikira mvula. Ankaganiza za kompyuta yake, kuti mwina mawa ikhala itatsekeredwa m'katoni.

"Iwe," anatero bambo ake potsiriza. "Munthu uja amakhosomola m'nyimbo muja ndine?"

"Ndinu, baba."

"Ndiye anthu onse aja, ndi mkulu wa mpingo yemwe, amavina ine ndikufuna sopo?"

"Eya, baba. Pepani."

Anayendanso kamtunda ndithu.

"Kumzikiti asamve zimenezi," anatero. Kenako anawonjezera, maso ali pamsewu: "Komatu mawu aja unawanenepetsa kwambiri. Ine sindilankhula ngati ng'ombe. Ukanandiuza ndikanakonzeka."

Kuyambira tsiku limenelo a Abdulla anasintha kaitanidwe. Akafuna kunena kuti shuga watsala pang'ono, ankayamba aima chilili, kukonza kolala, n'kutchula mawu amodziamodzi ngati owerenga nkhani pa wailesi, kwinaku akuponya diso pa foni ya mwana wawo. Shamimu anawajambula kangapo kuti asawakhumudwitse, koma palibe chimene chikanavinika pamenepo.

Zimene anaona ku Nathenje zinamulimbitsa mtima. Anakhala milungu itatu akukonza mikisi ina, ndipo mwa kumva kwake inaposa Powathasha kutalitali. Anatenga kulira kwa sikelo ya mtedza, mabelu a njinga za pamsika, ndi gitala wina wokoma amene anamusunga kwa zaka. Ulendo uno analemba dzina lake lonse: "Shamimu Abdulla, Mitundu".

Yakobe anamvetsera theka la mphindi, n'kubweza kahedifoni.

"Mwayesetsa ndithu, asisi. Koma nambala eyiti sinafike?"

"Nambala seveni ija ndinapanganso ndine, a Yakobe."

"Ee, anthu akunena kuti mukumatero." Anamwetulira momumvera chisoni. "Ikafika mundiimbire."

George naye anaimva tsiku lamsika lotsatira. Anati zikuoneka kuti Powathasha yamuphunzitsako kanthu, ndipo akapitiriza kumvetsera za akatswiri, tsiku lina adzafikapo. Anamulangiza kuti ayambe ndi kutsanzira kaye, asathamangire kupanga zake.

Mwa anthu onse a pa Mitundu, amene anapempha kuti awathirire nyimbo yatsopanoyo anali a Abdulla okha. Anaimvetsera yonse mpaka kumapeto atakhala pa thumba la mchere, foni ili kukhutu, nkhope ili ngati ya munthu amene akumwa mankhwala owawa. Itatha anafunsa kuti bwanji iwo mulibemo.

Mvula yoyamba itagwa, anthu anatanganidwa ndi kubzala ndipo kusitolo kunkabwera anthu ochepa. Shamimu anatsegula kompyuta, n'kuyang'ana dzina lake pa nyimbo ija kwa kanthawi. Sanalifufute. Anangokopera nyimboyo pena, kopeyo n'kuitcha dzina la tawuni ina ya kunja imene anaipeza pa katoni ya machubu a njinga. Pofika Khirisimasi inali itavinidwa pa maukwati asanu ndi umodzi, ndipo George ankauza anthu kuti woipanga ndi mayi wina wachikulire wa ku Thekwini, ku Joni konko, amene anamudyetsapo mpunga kunyumba kwake.