Mphalapala Zotsata Makina

Izi anandiuza Pentti, woyendetsa makina odula mitengo, Lachinayi lapitali tikumwa khofi pamalo omwetsera mafuta. Ndikulemba mmene ananenera.

Mvula itagwa pamwamba pa chipale chofewa m'nyengo yozizira, madzi anaundana, pansi panauma gwa ngati mwala. Mphalapala, zomwe anthu amaweta kumayiko ozizira a kumpoto kuno, zinalephera kukumba chakudya. Chotsala chinali ndere zolendewera m'mitengo yakale, zija zokhala ngati ndevu. Ine kampani inali itandituma kukadula mitengo yomweyo.

Mphalapala zimakudziwa kulira kwa makina. Mtengo ukangogwa, zimathamangira kunsonga kukadya ndere. Tsiku limenelo zinandizungulira zambirimbiri, nthiti zili pamtunda. Nditaona zizindikiro za m'makutu ndinadziwa kuti ndi za mlamu wanga Oula.

Masana iye anatulukira pa njinga yamoto ya pachipale. Ndinazimitsa makina n'kutsika.

"Alamu! Mlongo wanga mumamudyetsa mbatata zokhazokha, koma ziweto zanga mukuzidyetsa ngati mafumu!" anatero Oula akuseka.

"Zikungobwera zokha," ndinayankha.

Anandidulira nyama youma. "Idyani, mwaonda ngati galu wa mlenje. Ndamva mukungolambula m'mbali mwa msewu. Mawa ndibweretsa gulu lonse kuphiri kuno. Mitengo yakumtundayo mphepo ikamagwetsa ndere, ziwetozi zifika m'chilimwe zili moyo. Bambo ankapulumukira pomwepa chaka chikavuta."

Ndinayang'ana kumtunda. Mitengo yonse inali yoti igwe pofika Loweruka, ndipo ndinali ndikudziwa kuyambira kale. Kunyumba sindinanene.

Oula anakwera njinga yake. Ataliza, ndinamugwira mkono.

"Alamu, si msewu wokha. Ndi phiri lonse."

Anazimitsa.

"Mlongo wanga akudziwa?"

"Ayi."

"Mukakana inu?"

"Abweretsa wina. Makina aliponso awiri."

Anayang'ana ziweto zake zikulimbirana nthambi. Yaikazi ina inali itagwada, ikudya chogwada chifukwa cha kufooka.

"Ndere zimenezi sizimera pa timitengo mumabzalato," anatero. "Adzukulu anga sadzaziona. Basi, dulani pang'onopang'ono. Mukagwetsa yonse sabata ino, chipale chikwirira nthambi, zifa ndi njala zitaponda chakudya. Mitengo yochepa patsiku, zizimaliza kudya."

"Nanga chaka chamawa?"

"Chaka chamawa mudzabwere ndi mpeni, mudzandithandize kupha. Mkono muli nawo."

Sanaseke. Anapita osatsanzika.

Ndinakwera m'makina. Nditangoliza, mphalapala zonse zinadzutsa mitu n'kuyamba kubwera kwa ine, zina zikuthamanga. Ndinagwetsa mitengo ingapo pafupi ndi yogwada ija, kenako ndinazimitsa. Ndinaimbira abwana foni kuti makina akuvuta, ntchito ichedwa masabata angapo. Anatukwana, ndinangomvera. Nditatero ndinapita kunyumba kukamuuza mkazi wanga.