Mkamwini Wothira Madzi mu Penti

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Bernadetta, ogulitsa zitumbuwa pa Mauwa, tikudikira minibasi yomwe inkakana kudzaza.

Akuti chaka chomwe tinasankha boma latsopano chija, Eluby wa ku Likoswe anakondana ndi Kalinde, wolemba zikwangwani za magolosale. Pokaonekera kwa a Francisko, malume ake a mtsikanayo, Kalinde anapereka mphatso: pepala lomwe anajambulapo mapiri a Mulanje ndi penti wosungunula m'madzi, wotuwa ngati utsi.

Mlendo atachoka, a Francisko analitembenuza pepalalo kawiri.

"Iwe Eluby, penti anamuthera kapena ndi kuumira? Wothira madzi mu penti adzakuthirira madzi m'mafuta ophikira. Mkamwini wotere pamudzi pano ayi."

Eluby tulo sanatione. Kutacha anawakokera malume akewo pachulu cha kumunda. Unali Okutobala, anthu akutentha mapesi.

"Malume, gwirani pepalali chonchi. Tsopano penyani uko."

Mulanje anali apo, wotuwa, tsinde lake litamira mu utsi, ndendende ngati papepalapo. Mkuluyo anapenya phiri, napenya pepala, napenyanso phiri. Kenaka chala chawo chinaima papepalapo, pa kamthunzi kozimirira, pampata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Mchese.

"Nanga aka?"

"Akuti ndi phiri la ku Mozambiki. Limaoneka mvula ikangokata."

A Francisko anavula chipewa.

"Agogo ankandinyamula n'kuloza pomwepa, amvekere kwathu n'kuseri uko, tinalowera pampatapo. Ine ndinkayesa nkhambakamwa za ukalamba."

Anatsika chulu chothamanga, munthu wodandaula bondo chaka chonse, akuitana mbumba yonse ndi maina. Azimayi anasiya makasu, pepala likuyenda m'manja, aliyense akufuna kuona kwawo kwa makolo.

"Kamuitane wamadzi wakoyo," anatero a Francisko, mpweya uli m'mwamba. "Abwere ndi ankhoswe ake. Koma umuuze asaonjezerepo penti ngakhale dontho."

Eluby anathamanga mpaka duku linatsala pamtengo wa nandolo.

Ine kumeneko ndinapitako, mvula itangokata, n'kukwera chulu chomwe anandilozera. Mulanje ndinamuona, mpata ndinauona, koma phiri la kuserilo ayi. Ndikukayika ngati Kalinde analionadi. Mwina linali dontho la madzi lomwe linangogwera papepala.