Fyness M'gulu la Emelda

"Aliyense atole kapepala kamodzi, osasuzumira!" anatero Madamu Prudence, akuzungulira ndi chitini m'kalasi ya Fomu 4.

Anali atatopa ndi madandaulo. Akawasiya ana kuti asankhane okha, a pa boma ankaunjikana pamodzi, oyenda pansi kuchokera kwa Kanduku n'kutsala okhaokha. Ulendo uno anati maere ndiwo agawe magulu owerengerana zimangirizo, ndipo mumtima ankadzitama kuti atulukira nzeru.

Pa buleki, Fyness, mtsikana wolemba bwino kuposa onse, anawatsatira pakhonde.

"Madamu, chonde ndichotseni m'gulu la Emelda. Kapena mundibwezere kope langa ndilembe chimangirizo china."

"Chifukwa?"

Fyness anangoyang'ana pansi.

"Ndikasintha iwe, mawa abwera khumi. Wasankha ndi maere, si ine."

Masana magulu anakhala pansi pa mitengo, Madamu n'kugawa makope. Mutu unali wa tsiku losaiwalika, ndipo iwo omwe anali atawauza ana kuti alembe zoona. Fyness, wakumva uja, analembadi zoona: tsiku limene bambo ake, othandiza madalaivala kukonza mapepala pa malire a dziko, anamanga matiresi ndi wailesi pa njinga n'kusamukira kwa mkazi wina.

Emelda anawerenga kope la Fyness mokweza mpaka kumapeto, osalumpha liwu.

"Chichewa chili bwino," anatero akutseka kope. "Koma apa wanama, asisi. Wailesiyo inafika kwathu ili yakufa kale."

Gulu lonse linafa ndi phwete. Madamu anathamangirako, koma Nickson, mtsogoleri wa kalasi, anawanong'oneza.

"Simukudziwa, Madamu? Mkazi winayo ndi mayi ake a Emelda."

Sukulu yonse inkadziwa, ndi alonda omwe, kupatula Madamuwo, amene anabwera chaka chomwecho kuchokera ku Dedza. Manyazi anawagwira, mtima n'kuwawawa. Anasintha magulu tsiku lomwelo, koma zinali zitamveka kale mpaka ku Fomu 1.

Sabata yotsatira Fyness anapereka chimangirizo cha kabzalidwe ka mtedza. Munalibe cholakwika ngakhale chimodzi, koma munalibenso chokoma. Madamu anamuitana.

"Mwanawe, iwe umalemba kuposa apa. Mayeso ali pafupi. Zija zinapita kuti?"

Fyness anatenga kope lake ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Izi ndiye zoti aliyense angawerenge, Madamu."